Elie Susman, wamalonda amene masitolo ake sanafe naye

Agogo anga aamuna anali ndi golosale ku Bwacha. Sinali yaikulu, koma inaphunzitsa ana asanu ndi awiri, ndipo mwezi ukatha anthu a ku njanji anali kubwera kudzalipira nkhongole za unga, saladi ndi sopo zimene zinali kulembedwa m'kabuku kofiira. Agogo anamwalira ine ndili mu giredi 4. Tinaika maliro pa Citatu, ndipo pofika pa Sondo acibale ocokera kumudzi anali atagawana kale firiji, sikelo, mashelufu, ngakhale njinga yonyamulira katundu. Lamulo loteteza cuma ca amasiye linalipo kale kuyambira mu 1989, koma pa nyumba ya maliro panalibe wolimba mtima woti alichule. Kabuku kofiira kaja kanasowa, ndipo onse amene anali ndi nkhongole anagona tulo tabwino. Lero pamalopo pali babashopu.

Nkhani yotere si ya banja lathu lokha. Yendani mu Freedom Way, mupite ku Chowa, ku Katondo, ku Makululu, muwerenge masitolo a anthu akuda amene anayambidwa ndi agogo ndipo manje ali m'manja mwa mdzukulu. Zala za dzanja limodzi zingakukwanireni. Funso limeneli ndilo linandifikitsa pa munthu amene ndifuna kukamba lero. Sanali wa kuno ku Kabwe, sanali Mzambia, ndipo anamwalira dziko lino lisanalandire ufulu. Koma ng'ombe zake zinali kupita pa njanji yathu yomwe ino, ndipo cigamulo cimene cinagwedeza malonda a banja lake cinalengezedwa pafupi ndi tauni yathu. Dzina lake ndi Elie Susman. Mbiri ya banja limeneli inalembedwa ndi katswiri wa mbiri yakale Hugh Macmillan m'buku limene linatuluka mu 2005.

Elie anabadwa mu 1880 m'katauni kochedwa Rietavas, ku Lithuania. Nthawi imeneyo dzikolo linali pansi pa mfumu ya Russia, ndipo banja la a Susman linali Laciyuda. Kukhala Myuda kumeneko kunali kukhala ndi malire pa ciliconse. Boma linali kuwauza madera amene angakhale, nchito zimene angagwire, ngakhale ciwerengero ca ana ao amene angalowe m'masukulu apamwamba. Kuyambira mu 1881 magulu a anthu anali kuukira midzi ya Ayuda m'madera ena a ufumuwo, kuphwanya masitolo ndi kupha anthu. Acinyamata ambiri anathawa. Ambiri anapita ku America, koma a ku Lithuania anali ndi njira yaoyao yopita ku South Africa, kumene golide wa ku Johannesburg anali atayamba kumveka. Wina akapita, anali kutumiza ndalama ya tikiti kwa mng'ono wake, mng'onoyo n'kuitananso msuweni. Ife a ku Eastern timaidziwa bwino njira imeneyi, ndiyo inadzaza Matero ndi Chawama.

Elie ndi mkulu wake Harry analowa m'njira yomweyo. Kum'mwerako anapeza kuti malo abwino ena anakhalapo kale, ndipo mu 1899 kunabuka nkhondo ya Mabunu ndi Angelezi. Anyamata awiriwa anakwera cakumpoto mpaka ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, kumene njanji inali itangofika. Kumeneko ndi kumene anamva za ng'ombe za Alozi.

Apa pafunika kufotokoza pang'ono, cifukwa popanda ici nkhani yonse siimveka. Mu 1896 mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest unasesa makola kuyambira ku Matabeleland mpaka ku Cape. Ng'ombe zinafa ngati nchenche. Masiku amenewo ng'ombe sinali nyama cabe, inali thiraki, inali thirakitala, inali banki. Popanda ng'ombe ngolo siziyenda, katundu safika, migodi siidya. Koma ku cigwa ca Bulozi, kwa Litunga Lewanika, ng'ombe zinapulumuka zambiri. Ndiye kumpoto kwa Zambezi kunali ng'ombe zochipa, kum'mwera kunali anthu ozifuna pa mtengo uliwonse. Pakati panali mcenga, mikango, kashembe, malungo ndi mtsinje wodzaza ng'ona.

Mu 1901 abale awiriwa anaoloka Zambezi pa Kazungula, pamene lero pali mlatho waukulu uja umene mathiraki amaolokerapo. Elie anali ndi zaka 21 cabe. Ananyamula katundu wosinthanitsa ndi ng'ombe, ndipo ulendo wao unali wa ku Lealui, likulu la Litunga. Ulendo wotere unali wa masabata ambiri. Katundu wopita ku Bulozi anali kukwera mtsinje m'mabwato opalasidwa ndi anthu, ndipo pa mathithi a Ngonye, ku Sioma, zonse zinali kutsitsidwa n'kuzungulira pamtunda. Azungu ambiri amene anayesa malonda amenewa anathera m'manda, makamaka cifukwa ca malungo aja a mkodzo wakuda. Ena anapulumuka imfa koma nkhongole za kwa ogulitsa katundu wa holoselo ku Bulawayo zinawamiza.

Cimene ine cinandigwira mtima n'cakuti ku Bulozi mzungu sanali kungofika n'kuyamba kugula. Lewanika anali mfumu yocenjera, yodziwa mtengo wa cuma ca anthu ake, ndipo wamalonda anafunika cilolezo cake ndi ubale wabwino ndi nduna zake. Elie ndi Harry anazindikira msanga kuti malonda a kumeneko ndi a nkhope. Munthu amene wanamiza Mlozi caka cino, caka camawa apeza makola otseka. Iwo anabwerera caka ndi caka, ndipo ubale wao ndi nyumba yacifumu unapitirira mpaka kwa Yeta III, mwana wa Lewanika, amene analowa ufumu atate ake atamwalira mu 1916. Amalonda anzao ambiri a zaka zoyambirira zija lero palibe amene amawakumbuka.

Ngakhale Elie anali wamng'ono, ndiye anali mutu wa bizinesi. Poyamba dzina lake lokha ndilo linali pa mapepala, E. Susman, ndipo mu 1907 m'pamene linasinthidwa kukhala Susman Brothers. Harry anali munthu wa ng'ombe ndi wa m'thengo, Elie wa mabuku, wa kubanki, wa kuyang'ana zaka zisanu kutsogolo. Kwathu mng'ono kutsogolera mkulu pa nkhani ya ndalama ndi ciyambi ca milandu ya pabwalo. Awa anagwirizana zaka pafupifupi 50. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu iwiri nayo imafunika kudziwa kuti wogwira nsici ndani.

Mlatho wa pa Victoria Falls utatha mu 1905, tauni ya Livingstone inayamba kukula ndipo posacedwa inakhala likulu la boma. A Susman anakhazikika kumeneko, ali ndi sitolo ndi bucha. Anagulanso malo owetera ng'ombe, ena mwa iwo ku Leopards Hill, kum'mawa kwa Lusaka, kumene lero kuli nyumba za mipanda yamagetsi. Nthawiyo Lusaka kanali kasiteshoni ka fumbi.

Apa m'pamene tauni yathu ilowa m'nkhani. Mu 1902 T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pa tumapiri ta kuno, nacha malowa Broken Hill potengera mgodi wa ku Australia. Mu 1906 njanji inafika, ndipo kwa zaka zingapo inathera pompano. Mkuyu waukulu uja wa pakati pa tauni, umene lero timabisalapo dzuwa poyembekeza munthu, ndi pamene amtengatenga anali kusonkhana asananyamule katundu pamutu kupita kumpoto. Pofika mu 1910 njanji inali italowa mu Congo mpaka ku Elisabethville, kumene lero ndi Lubumbashi. Migodi ya ku Katanga inali ndi anchito masauzande, ndipo pa cakudya cimene kampani inali kuwapatsa panali nyama. Kenako, kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, migodi ya ku Kopala inatseguka, Roan Antelope, Nkana, Mufulira. Mlimi wa ng'ombe anali kum'mwera ndi kumadzulo, wodya nyama anali kumpoto, ndipo sitima iliyonse yocoka ku Livingstone kupita kumeneko inalibe njira ina koma kuima pa siteshoni ya Broken Hill. Mwa amene anali kuyendetsa masitima kuno munali Roy Welensky, amene pambuyo pake anakhala nduna yaikulu ya Federation imene makolo athu anaikana ndi mtima wonse. Atate ake naye anali Myuda wocokera ca ku Lithuania komweko. Dziko ndi laling'ono mwandi.

Koma zinthu sizinayende mosalala. Mu 1915 ku Bulozi kunagwa matenda a mapapo a ng'ombe, ndipo boma linatseka malonda onse a ng'ombe zocokera kumeneko. Citseko cimeneco cinakhala cotseka zaka zoposa 30. Tangoganizani, bizinesi yanu yonse yaima pa ng'ombe za dera limodzi, ndiye m'mawa umodzi akuuzani kuti palibe ng'ombe yotuluka. Ambiri anagwa pamenepo. A Susman anatembenukira ku Ngamiland, kumpoto kwa Botswana, n'kuyamba kugula ng'ombe kumeneko. Abusa anali kuziyendetsa wapansi mtunda wautali mpaka ku Zambezi, n'kuziolotsa mosambira pa Kazungula. Zina zinali kutengedwa ndi madzi, zina ndi ng'ona, zotsala n'kupitiriza ulendo wa ku migodi.

Ndikawerenga mbali imeneyi ndimaima kaye. Abusa aja, opalasa mabwato aja, akapitawo amene anali kusunga masitolo a kumidzi, ndi amene ananyamula ufumu wa malonda umenewu pamsana. Maina ao sali pa cipupa ciliconse. Ndipo tisanamizane, a Susman analemera m'dziko limene munthu wakuda sanali kupatsidwa mpata wofanana. Matauni a m'mbali mwa njanji anali ndi malo amalonda a azungu, a amwenye, ndi tumisika ta anthu akuda ku komboni. M'masitolo ambiri a azungu, makamaka m'mabucha, munthu wakuda sanali kulowa pakhomo, anali kugulira pa kawindo kumbali, n'kulandira ciliconse cimene wapatsidwa. N'cifukwa cake m'zaka za m'ma 1950 African National Congress ya a Harry Nkumbula inauza anthu kuti aleke kugula m'mabucha otere. Banki imene inali kukongoza Elie sikanakongoza agogo a agogo anga. Komanso n'zoona kuti Ayuda ocokera ku Russia, ndi Cingelezi cao cothyokathyoka, akuluakulu a boma la atsamunda anali kuwayang'ana ndi diso lonyoza. Anali pamwamba pa ife, pansi pa Angelezi. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo sindiona cifukwa cobisira cimodzi.

Njira ija yoitana acibale inapitirira. Adzukulu ao, ana a mlongo wao, Maurice ndi Harry Gersh, anabwera n'kuphunzira nchito, kenako anapita ku Kopala kumene anakulitsa Economy Stores ku Kitwe. Maurice Gersh ndiye anadzakhala meya woyamba wa Kitwe. Onani kusiyana kwake ndi ife. Wacibale anali kubwera mwini ali moyo, kudzaima kuseri kwa kauntala zaka zingapo, kuphunzira kuwerenga sitoko, kenako n'kupatsidwa katundu wa nkhongole kuti akayambe kwina. Kwa agogo anga acibale anabwera ndi thiraki pa tsiku la maliro.

Ca m'ma 1930 Elie anasamukira ku Johannesburg. Zinali zaka zowawa. Malonda anagwa padziko lonse, mtengo wa kopa unatsika, migodi ina ya ku Kopala inaima, anthu anacotsedwa nchito. Nthawi yomweyo, mu Okutobala 1931, mnzake Max Sonnenberg anatsegula sitolo mu Plein Street ku Cape Town, m'cipinda codyera ca hotela yakale ya Royal, naicha Woolworths. Dzinalo analitengera ku masitolo ochuka a ku America, ngakhale panalibe ubale uliwonse. Elie analowa nao, anaikamo ndalama, nakhala mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, ndipo masitolo ake anafalikira ku Transvaal. Ndiye kuti ndalama ya ng'ombe za ku Bulozi ndi ku Ngamiland inathandiza kuimika Woolworths. Mukalowa mu Woolworths ya pa Manda Hill n'kutembenuza kapepala ka mtengo pa shati, n'kuibweza mwaulemu pa hang'ala monga ndimacitira ine, dziwani kuti m'mizu ya sitolo imeneyo muli ndowe za ku Lealui.

Kuno kumpoto Elie sanatayeko. Harry anali kukalamba, ndipo bizinesi inafunika magazi atsopano. Anawapeza mwa Harry Wulfsohn, mnyamata wocokera ku Latvia amene anafika m'dziko lino alibe kanthu, nadzionetsa kuti ndi wakhama pa malonda a ng'ombe ndi masitolo. Nkhondo yaciwiri ya padziko lonse itatha, kampani inakhala Susman Brothers & Wulfsohn. Ici naco ndi cinthu cimene ambiri a ife sitingacite, kuika dzina la munthu wina pa cikwangwani ca banja cifukwa cakuti ndiye adziwa nchito. Pansi pa dzina latsopanoli masitolo anaculuka ku Mongu, ku Senanga ndi m'madera ena a kumadzulo ndi kum'mwera. Makasitomala ambiri anali amuna obwerera ku migodi ya golide ya ku South Africa, kumene anatengedwa ndi Wenela. Munthu akatsika ndi ndalama ya kontirakiti, anali kufuna bulangeti, nsalu ya amai kunyumba, poto, khasu, njinga. Sitolo inali pomwepo kumudikira. Kampaniyo inalowanso mu Zambesi Saw Mills, imene inali kudula mitengo ya mukusi ku Mulobezi n'kuitsitsa pa njanji yakeyake kufika ku Livingstone.

Mu 1951, patapita zaka 50 cioloke Zambezi, abale awiriwa anapereka wochi yaikulu imene ili pa nsanja ya Livingstone Museum. Ana a sukulu amene amapita kukaona mathithi amajambulitsa pansi pake osadziwa za anyamata awiri a ku Rietavas. Harry anatsogola kumwalira, ndipo Elie anamutsatira mu 1957.

Maliro a Elie sanatseke sitolo ngakhale imodzi. Bizinesi inali kampani yolembetsedwa, ya masheya, ndipo aliyense anali kudziwa gawo lake mwini asanatseke maso. Mwana wake David anali atakonzedwa kale. Anaphunzira nchito ku Marks & Spencer ku Britain, kampani imene inapangana ubale ndi Woolworths mu 1947, ndipo anakwatira Ann Laski, wa m'banja la eni ake a Marks & Spencer. David anatsogolera Woolworths zaka zambiri n'kuisandutsa sitolo yodziwika ndi katundu wabwino. Mwana wa David, Simon Susman, anakhala mkulu wa kampaniyo kuyambira mu 2000 mpaka mu 2010. Agogo, mwana, mdzukulu. Ku Livingstone, mkati mwa Railway Museum, pamalo pamene panali mashedi a masitima a Zambesi Saw Mills, pali kanyumba kosungira mbiri ya Ayuda a m'Zambia, ndipo a Susman ali pakati pa nkhaniyo.

Mbali ya ku Zambia inakumana ndi cina cimene palibe wilo imene ikanaciletsa. Mu Epulo 1968, pa Mulungushi Rock, kumpoto pang'ono kwa tauni ino imene inali itangosiya dzina la Broken Hill, a Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu oposa 20. Pa mndandanda panali masitolo monga CBC ndi OK Bazaars, panalinso Zambesi Saw Mills. Analengezanso kuti malaisensi a masitolo a kumidzi ndi kunja kwa pakati pa matauni adzapatsidwa kwa nzika za Zambia zokha. Kwa kampani imene mphamvu yake inali masitolo a kumidzi, uku kunali kudula muzu. Banjalo linatsala ndi mafamu ndi mabizinesi ena, koma nthawi ya masitolo ao m'midzi ya kumadzulo inapita.

Colinga ca a Kaunda ndimacimvetsa. Patapita zaka pafupifupi zinai cilandirire ufulu, Mzambia anali akali kasitomala m'dziko lake, ndipo munthu amene anagulirapo nyama pa kawindo sakanakhala cete. Malamulo amenewo ndiwo anatsegulira anthu ngati agogo anga khomo la laisensi. Koma amene munalipo m'zaka za m'ma 1980 mudziwa mmene masitolo a boma, a ZCBC, a NIEC ndi a Mwaiseni, anathera. Amai anga amakamba za kudzuka 4 koloko m'mawa kukaima pa mzere wa shuga, ali ndi mwana wobwereka kumbuyo kuti aoneke wofunika cifundo, n'kufika pa kauntala shuga itatha. Mu 1994 mgodi wa kuno unatsekedwa, n'kutisiyira mtovu m'dothi limene ana a ku Kasanda ndi ku Chowa amaseweramo. Mu 1995 Shoprite inalowa m'dziko kucokera ku South Africa, n'kugula nyumba zina za masitolo a boma aja. Tinacotsa wamalonda wakunja pa Mulungushi, ndipo patapita zaka 27 tinamulandiranso ndi manja awiri, ali ndi matirole.

Sabata yatha ndinapita ku Makululu kwa azakhali anga, mwana wacitatu wa agogo aja. Ali ndi kantemba kamene kakhala zaka 11, ndipo caka catha anatsegula kaciwiri pafupi ndi msika, kamene amagulitsamo mwana wao wamkazi. Amapima tumapamela ta unga, saladi wa m'tumabotolo, makala, ma talk time. Ndinawasimbira za Elie Susman, za Kazungula, za mdzukulu wa ku Woolworths, ndipo ndinawafunsa ngati analembetsa bizinesi yao ku PACRA, kapena ngati analemba penapake kuti tumantemba tuwiriti tudzakhala twa ndani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndabwera kudzawalodza. Kenako anaseka, anandipatsa mpando ndi bolopeni, n'kunditulutsira kabuku ka nkhongole kuti ndiwawerengere za mwezi uno, popeza ndine wophunzira. Kao ndi kobiriwira. Zinakwana K1,340, ndipo theka lake ndi la acibale.